Mkaka wa Kadyansonga

Lolemba, 14 Yekatiti
Kusala kwakukulu kwayamba lero: nyama ndi mkaka n'zoletsedwa. Mwezi wachitatu uno tili pa ulendo wa ku Kayiro, kuperekeza kamwana ka kadyansonga, mphatso ya mfumu yathu kwa sulutani. Akakakondwa nako, mwina adzalola kuti titenge bishopu, poti abishopu athu amachokera m'dziko lake. Zaka khumi ndi zitatu dziko lilibe bishopu! Ine imvi mbuu, ndikadali dikoni, wondidzoza unsembe palibe.

Lachitatu, 16 Yekatiti
Abba Fikitoro, otsogolera ulendo, abweza ng'ombe zitatu zimene zimayamwitsa kanyamaka. Ati anthu akumanyambita mkaka mobisa, kusala kukuipitsidwa. Gulilati, amene amakasamala, anachita kuwagwadira: "Abba, kamwanaka n'kosabatizidwa, kasala bwanji?"
"Kadye masamba. Khosi lonselo n'lantchito yanji?"
Nkhani yathera pomwepo.

Lamulungu, 20 Yekatiti
Masamba kakulavula. Phala la balele, ng'o.

Lachinayi, 24 Yekatiti
Kakhala pansi, sikakudzuka. Nthiti zili pamtunda. Abba akuti tipemphere. Ndapemphera, koma kunena zoona mtima wanga wafooka. Tikakafika ndi chikopa chokha, sulutani adzatiseka, ndipo ine ndidzafa ndili dikoni.

Loweruka, 26 Yekatiti
Pachitsime tinapeza abusa a ngamira. Tinazemba ndi Gulilati kukapempha mkaka. Mkulu wawo anakama, koma chikho sanachitaye m'manja. "Kwathu kuno mkaka suchoka mlendo asanalawe. Kapena ngamira zathu zikukunyansani?"
Gulilati anabwerera m'mbuyo. "Ine ayi, a dikoni. Ndili ndi ana, sindifuna tsoka."
Ndinamwa. Chibadwire sindinaswepo kusala. Unali wokoma, ndisaname, ndipo zimenezo n'zimene zikundipweteka kwambiri.
Kanyamaka kamaliza zikho zinayi.

Lamulungu, 27 Yekatiti
Wina wakandineneza kwa Abba. Mapemphero asanayambe, Abba anandiitana pamaso pa gulu lonse. "Sinoda, vula mwinjirowo, ukaime kumbuyo ndi oyendetsa abulu. Bishopu akadzabwera, dzina lako silidzatuluka pakamwa panga." Ndinavula. Palibe anandiyang'ana kumaso.
Chakumasana kadyansonga waimirira, miyendo njenjenje, koma waimirira. Abba akuti mapemphero awo ayankhidwa.
Gulilati wafunsa kwa abusa aja. Akuti kutsogoloku kuli misasa ya abusa isanu ndi iwiri tisanafike kumtsinje wopita ku Kayiro, ndipo mwambo ndi womwewo paliponse. Anabwera n'chikho, maso ali pansi.
"Mawanso mulawa, a dikoni?"
Ndati ndilawa.