Phazi la Benedeta

Lolemba, 3 Juni
Tabwerako kuchipatala chathu chaching'ono. Shuga wa Benedeta ndi wokwerabe ngakhale akumwa mapiritsi, ndipo bala la kuphazi lija mwezi wachiwiri uno osapola. Adokotala, a Stewart, alemba m'buku lake la kuchipatala kuti tipite ku Lilongwe kwa akatswiri a matenda a shuga. Ati, "Bambo Elifasi, ife kuno nzeru zatithera. Isathe sabata." Ndavomera ngati mawu omaliza ndi anga.

Lachiwiri, 4 Juni
Si anga. Zaka 26 ndili pachikamwini kuno ku Nsaru, nyumba ndinamanga, ana asanu, koma kuti mkazi wanga akagone chipatala chakutali mpaka alole mwinimbumba, atsibweni ake a Frackson. Ndatumiza uthenga.

Lachinayi, 6 Juni
Abwera. Akana. "Mlongo wanga, mayi ake a mwanayu, anapita komweko ndi miyendo iwiri. Anabwerako ndi umodzi, chaka chisanathe tinaika. Mukufuna tibwereze, akamwini?"

Ndinafuna kuyankha kuti apongozi anapita mochedwa, koma ndinangowaperekeza panjira. Mtima unandipsa, kunama ayi. Komabe munthuyu si wankhanza, ndi mantha. Nanenso ndili nawo, kungoti anga akuloza kwina.

Lachisanu, 7 Juni
Benedeta akundiseka, ati ndikuyenda ngati nkhuku yonyowa. "Musadane chifukwa cha phazi, silipweteka n'komwe." Chomwechotu ndiye chikundiopsa. A Stewart anati shuga akapha mitsempha munthu samva ululu.

Loweruka, 8 Juni
Kuthothola mtedza tsiku lonse. Sabata ija ikutha.

Lamulungu, 9 Juni
A Frackson anadzera kuno pochokera kutchalitchi, atatenga mizu yoti azitsukira bala. Benedeta anawapatsa madzi akumwa, kenako anatembenuka kugwadira ine, mapazi ake poyera.

"Iwe, chakubaya n'chiyani?"

"Pati, atsibweni?"

Phazi linalo, labwinobwino lija. Munga wa mthethe unali utalowa kuchidendene, magazi atauma kale. Anauzula okha, wautali ngati mtengo wa machesi. Benedeta osanjenjemera ngakhale pang'ono, akungofunsa ngati achotsa.

A Frackson anauyang'anitsitsa munga uja uli m'manja mwawo. "Mayi ako anayamba chonchi. Tinadikira miyezi inayi, ine ndikukana."

Mizu ija anaibweza m'thumba. Osandiyang'ana anati, "A Elifasi, buku lija lili kuti? Minibasi yoyamba mawa, tikwere atatu."