Nambala Yanu Inasiya Kulowa

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko. Ndine Ruvimbo, mwana wa alongo anu a Laxon, kuno kunja, ku mafamu a ku Tengwe. Fodya tathyola, ngakhale maganyu achepa chaka chino.

Ine ndikuphunzira m'tauni ya Chinhoyi. Pali pulogalamu yaulere ya pakompyuta yolumikizira mafoni, imene anthu a m'maiko ambiri timathandizana kuikonza. Mbali yanga ndi kulemba malangizo ake. Anzanga akasintha kanthu, nanenso ndimakonza mawu kuti wowerenga asasochere. Posachedwapa munthu wina wa ku Peru anandithokoza kuti mafoni a pachipatala chakwawo ayamba kulira.

Nditawauza bambo anaseka, kenako anati, "Walumikiza dziko lonse, koma mlongo wanga yekha wakukanika?" Ankanena zoona, poti nambala yanu inasiya kulowa chaka chatha.

Bambo sapitanso kumunda. Chakudya amangolawa, ndipo akumatchula mitengo ya mango yakwanuko ngati anaiona dzulo. Zimene anatiuza kuchipatala sindilemba pano.

Nambala yanga ili kuseri kwa pepalali. Mungofulasha, ine ndiimba. Koma chonde, azakhali, musadikire Khirisimasi.

Ndine mwana wanu,
Ruvimbo