Mwana wanga akubanika m'tiyirumu ya apongozi

Aphungu,

Pepani kuti ndakuvutitsani pamene muli ndi makalata ambiri ofunika. Sukulu ndinalekeza kupulayimale ndipo kwathu timalankhula Chitonga, choncho ndikalakwitsa pena mundikhululukire. Ndalemba pang'onopang'ono kuti ndisanamizire munthu.

Ndine mayi wachitsikana, ndimakhala kwa apongozi ku Tukombo. Amuna anga, a Wyson, ali ku Joni. Apongozi aamuna ali ndi tiyirumu pafupi ndi doko, ndipo ine ndi amene ndimaphika tiyi ndi kuperekera, mwana ali kumbuyo. Makasitomala athu ndi asodzi a usipa. Ambiri amasuta, ena ndudu za kusitolo, ena chingambwe chopichira papepala. Apongozi nawonso amasuta.

Nthawi ya mwera ndiye povuta. Nyanja ikakalipa asodzi sapita kuntchito, amangokhala m'tiyirumu tsiku lonse kusewera bawo. Zenera ndi limodzi, ndipo amalitseka ndi katoni chifukwa cha mphepo ndi mchenga. Utsi umadzaza mpaka maso kuwawa. Ndikaweruka, nsalu yoberekera mwana imanunkha ngati wosutayo ndine.

Mwana wanga woyamba, Felix, ndinkamuberekera momwemo. Anayamba ndi chifuwa, kenako kubanika. Anatisiya asanayambe kuyenda. Kuchipatala anati chinali chibayo. Za utsi sindinaganizepo, ndinangoti ndi mmene Mulungu anafunira.

Tsopano ndili ndi wachiwiri, Noel, amene wangoyamba kukhala pansi. Naye wayamba kutsokomola, ndipo akagona pachifuwa pamalira. Nditapita naye kuchipatala, anesi ananunkhiza chipewa chake n'kufunsa kuti, "Mayi, amasuta ndani kwanu?" Nditafotokoza anati, "Mwanayu akusuta nawo. Mumuchotsemo." Pobwerera ndinalira njira yonse, ndikukumbukira Felix.

Vuto langa ndi ili. M'banja ndinakwatiwamo muno, mkamwana, ndiye kuti mtengwa ngati ine, salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Tiyi wawo ndimapereka nditagwada, n'kuchokapo. Apongozi aakazi anamwalira, ndiye mawu anga amadzera mwa alamu anga, a Nellie. Nditawapempha kuti akandinenere anati, "Iwe, ukufuna ada, bambo anga ondibereka, amve kuti anapha mdzukulu wawo? Pakamwa panga sipatuluka zimenezo." Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuchotsa katoni pazenera. A Frackson, msodzi wina wachikulire, anati, "Mkamwana, lero mutithirira mchenga m'malo mwa shuga? Ife tinayamba kusuta musanabadwe, onani tikupalasabe bwato." Onse anaseka, ine ndinabwezeretsa katoniyo.

Apongozi anga si munthu woipa. Pamaliro a Felix analira osabisa nkhope, ndipo Noel amamukonda kwambiri. Amamukhazika pamiyendo n'kumamuimbira, ndudu ili pakamwa. Ine ndimangoyang'ana ndili pambaula, mtima ukuwawa. Amuna anga pafoni amati ndipirire, adzakonza akadzabwera, koma sanena kuti abwera liti.

Ndichite chiyani kuti ndisaike mwana wachiwiri m'manda, komanso ndisachite mwano pakhomo pa eni ake? Chonde ndiyankheni msanga, mwera wayamba kale kuno.

T.M., Tukombo

Mwana wanga T.M.,

Pepa kwambiri chifukwa cha Felix. Sunandivutitse, ndipo kalata yako yamveka bwino lomwe. Choyamba, leka kudziweruza. Palibe angatsimikize lero kuti chibayo chija chinabwera ndi utsi wokha, ndipo iwe sunkadziwa. Koma anesi akuuza zoona. Wokhala pafupi ndi wosuta amapuma poizoni yemweyo, ndipo mapapo a khanda sachedwa kugonja. Utsi umabweretsa chifuwa, mphumu ndi chibayo, komanso umatsalira m'zovala ndi m'tsitsi. Iwenso ukuupuma tsiku lililonse. A Frackson akupalasadi bwato, koma mapapo awo si a Noel.

Kuyambira mawa Noel asalowenso m'tiyirumu. Mupezere womulera nthawi ya ntchito. A Nellie anakana kunyamula mawu, koma kunyamula mwana wa mchimwene wawo sangakane. Uzituluka kukamuyamwitsa, utasamba m'manja ndi kusintha nsalu. Akasowa womulera, khala naye kunyumba. Wofunsa umuuze kuti achipatala atero, ndipo sukhala ukunama.

Mwambo ukukuletsa iwe kulankhula ndi apongozi, koma suletsa mlendo. Bwerera kwa anesi aja, uwapemphe kuti atume mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzacheze ndi apongozi ako ngati mwini bizinesi. Uwachenjeze kuti asatchule Felix. Bambo amenewa ali kale ndi chilonda, ndipo munthu akamva ngati akuzengedwa mlandu amatseka makutu. Nkhani ikhale ya mdzukulu amene ali moyo. Munthu woimbira mwana nyimbo sangafune kumudwalitsa, n'kutheka kuti palibe anawafotokozerapo.

Pempho likhale laling'ono: benchi ndi bawo la osuta zipite kuseri kwa nyumba kumene mphepo sifika, m'kati mukhale mwa tiyi basi. Musadikire kuti boma lidzabwere ndi chikwangwani choletsa kusuta. Tiyirumu ndi malo a anthu onse, ndipo mwini wake akanena kuti muno ayi, asodzi adzang'ung'udza kenako adzazolowera. Apongozi akafuna kunyamula Noel, ayambe azimitsa fodya ndi kusamba m'manja.

A Wyson uwauze mosabisa kuti kupirira kwako sikungachize chifuwa cha mwana. Iwo sagwada polankhula ndi bambo awo. Foni imene amakuimbira iwe ikhoza kuimbiranso bambowo sabata ino.

Koma chenjera. Zokambirana za akuluakulu zimachedwa, chibayo sichichedwa. Ngati unalandira mankhwala kuchipatala, umupatse mpaka athe. Ukaona Noel akupuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, thupi latentha kapena akukana bere, tula ketulo, bereka mwana, thamangira kuchipatala. Usaime kuti upemphe chilolezo kwa wina aliyense. Kupepesa udzapepesa pobwera.

Aphungu