Manja Anga ndi Kaduwa ka Mwana Wanga

Lamlungu, 2 Malichi

Mwana wanga wandisiyira kaduwa. Duwa dzina lokha, kali ndi masamba basi, ang'onoang'ono, obiriwira, a mitsempha yoyera ngati wina anachita kujambula ndi choko. Iye ndi mwamuna wake apita kwa asewere, amayi a mwamunayo, milungu iwiri kukaonetsa Kabwana, mdzukulu wanga.

Malamulo: kasaone dzuwa, ndizipisa chala m'dothi, likauma ndithirire. "Basitu amayi. Musakachite china chilichonse. Inu ndimakudziwani, simutha kusiya chinthu kuti chingokhala."

Ine? Ine amene ndasamala mitu ya anthu musaluni mpaka zala kupindika?

Nkhani yeniyeni sanaitchule, koma tonse tikuidziwa. Mwezi wamawa akubwerera kuntchito. Kabwana azimusiya kwa ine, apo ayi asewere abwera kudzakhala nawo. Panopa asewere ali ndi mwana m'manja, akuonetsa luso lawo. Ine andipatsa masamba.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kali bwino, pashelefu pabalaza. Ndapisa chala m'mawa, masana ndi madzulo. Bambo a m'nyumba muno akuti, "Mayi, chala chanucho chimera mizu."

Lachitatu, 5 Malichi

Ndapita nako kusaluni. Ndikanakasiya bwanji tsiku lonse ndi munthu amene akayatsa wailesi sangamve ngakhale denga likugwa?

Nditakaika patebulo ndinaona kuti masamba ndi otuwa. Musaluni mwanga mulibe chimene chimalowa chotuwa n'kutuluka chotuwa. Ndinatenga thonje ndi mafuta a tsitsi, abwino aja amene ndimabisira makasitomala enieni, n'kudzoza tsamba lililonse, pamwamba ndi pansi pomwe. Tating'ono tokha ta mkati ndi timene tinapulumuka, chala sichimafika. Kanangoti waliwali. Namwino wina amene amabwera kudzatsukitsa tsitsi anafunsa ngati ndi kapulasitiki. Ndinamva kukoma mpaka ndinakaika pazenera kuti odutsa aone.

Kudzoza si "kuchita china chilichonse." Ndi ukhondo.

Lachinayi, 6 Malichi

Tsamba limodzi lauma kunsonga. Ndadula pang'ono ndi sizasi. Koma a ntchito yathu amadziwa, ukadula mbali imodzi inayo imakuitana. Ndinalinganiza uku, ndinalinganiza uko. Panopa kakuoneka ngati mutu wa mwana tsiku lotsegulira sukulu.

Loweruka, 8 Malichi

Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Lero kunali mitu ya ukwati, mkwatibwi ndi operekeza ake, aliyense ndi chithunzi chake pafoni. Chowumitsira tsitsi chinalira tsiku lonse, dzuwa lamasana likuwomba pazenera paja. Pomwe ndimacheuka, kaduwa kali lobodo, masamba onse lende m'mbali mwa kamphika ngati masokosi onyowa. Mkwatibwi kumandifunsa za tsitsi la pamphumi, ine kumangoti eya eya, sindikudziwa chimene ndinavomera.

Ndabwera nako kunyumba nditakakulunga m'thawulo. Dothi gwa. Chala chija chimapisa katatu patsiku chinali kuti dzulo ndi lero? Ndathirira.

Ndiye foni. Mwana wanga: "Kaduwa kali bwanji?" Ine: "Kakupuma." Kumbuyo kwake ndimamva asewere akuimba, Kabwana akuseka kikiki. Nsanje inandigwira, sindibisa. Ndipo asewerewo mawu ali nawo.

Lamlungu, 9 Malichi

Kadzuka. M'mawa ndapeza timitengo take tili njo ngati sikanachite kanthu. Bambo akuti, "Kali ngati mchemwali wanu, kukomoka pamaliro kenako n'kufunsa tiyi."

Koma masamba amene ndinadzoza aja ayamba chikasu, ena ali ndi zipsera za dzuwa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Akuyoyoka. Ndikadutsa pafupi, tsamba pansi.

Namwino wabweranso, ndamuululira mutu wake uli m'beseni. Waseka mpaka sopo kumulowa m'maso. Akuti masamba amapumira m'timabowo tosaoneka, ndiye ine ndinakatseka mphuno ndi mafuta, kenako n'kukawamba padzuwa. Akuti ndipukute ndi kansalu konyowa, ndikaike kubafa kumene kuli nthunzi ndi kuwala pang'ono. "Mukatero, anti, muike manja kumbuyo."

Poweruka ndinadzera kwa wogulitsa maluwa. Anali nako kena kofanana, kodzadza bwino. Ndinakanyamula, ndinakatembenuza, ndinakabwezera. Osati chifukwa ndine wachilungamo ayi. Kanali kokongola kwambiri moti palibe akanakhulupirira kuti kagona m'nyumba mwanga.

Popukuta masamba otsalawo maso anagwera pa chithunzi cha mwana wanga ali kusukulu, chili pakhoma chija. Nsidze zili m'mwamba. Zaka zonsezi ndimati anali mwana wodabwadabwa, pazithunzi zonse amaoneka ngati wamva nkhani. Lero ndaona bwino. Ndi malukidwe anga, ndimakoka mpaka khungu la pamphumi kukwera. Iye ankangoti zii, misozi ili mbwe, ine n'kumati kukongola kumawawa. Atangoyamba ntchito anameta, ndipo mutu wake sindinaugwirenso.

Zandipweteka. Ndimati ameta chifukwa cha fashoni.

Lachinayi, 13 Malichi

Kali kubafa, pakazenera kosaonekera mkati kaja. Masamba otsala munthu angawerenge ndi dzanja limodzi. Sindinakagwire, kupatula chala m'dothi kamodzi. Ntchito yovuta ngati imeneyi sindinaigwirepo. Ndimalowa, ndimayang'ana, manja kumbuyo ngati woyendera sukulu, ndimatuluka.

Sizasi ya m'nyumba yasowa. Bambo akuti sakudziwa, koma thumba la jekete lawo likulemera mbali imodzi.

Loweruka, 15 Malichi

Katsamba katsopano, kochepa ngati chikhadabo cha Kabwana. Katuluka mokhota. Ndakaona, kandiona, ndakasiya.

Lamlungu, 16 Malichi

Afika masana. Ndinalandira Kabwana, n'kumuuza mayi wake kuti katundu wake ali kubafa, akadzionere yekha. Ine ndinatsala pabalaza ndi Kabwana.

Anakhalitsa. Potuluka anali atanyamula kamphika, nkhope yosawerengeka. Ananunkhiza tsamba limodzi. "Amayi, awa si mafuta a tsitsi?"

"Ndi abwino aja," ndinatero.

"Ndipo mwakameta."

"Kulinganiza chabe."

Mwamuna wake anayang'ana kudenga, bambo anakweza wailesi. Mwana wanga anatembenuza kamphika, ndipo anaona katsamba kaja. "Nanga aka kokhota mwakasiya bwanji?"

"Kakukula," ndinayankha.

Apa n'kuti Kabwana ali pamiyendo panga. Tsitsi lake, mayo ine. Kwa asewere kulibe chipeso kapena? Lapotana timfundotimfundo, kumbuyo laphwatalala, ndipo muli kaulusi ka bulangete. Chipeso changa chaching'ono chinali m'thumba la epuloni, dzanja linali litafika kale pamenepo lokha. Ndinalibweza n'kulikhalira. Kukhalira dzanja langa ndithu, mayi wamkulu ngati ine. Kabwana anandigwira mphuno n'kuseka, kikiki yemwe uja wa pafoni.

Nditakweza maso, mwana wanga amandiyang'ana. Sindikudziwa anayamba liti.

Anabwezera kaduwa kubafa, akuti kazolowera kumeneko. Pobwera anaima patsogolo panga, dzanja tambasu.

"Ndizibwera naye m'mawa ndisanapite kuntchito. Chipesocho bweretsani."

Ndinapereka. Anachiyang'ana pang'ono, kenako anakhala pansi, n'kutsamira maondo anga ngati kale, n'kundibwezera chipesocho chakumbuyo.

"Yambani ndi ine. Koma pang'onopang'ono, amayi."