Mbatata m'dzanja la Esinati

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Zingwangwa tilipo.

Chichokereni inu ndabereka mwana wina, wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, Esinati. Ali ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo liuma watengeranso inu. Kumunda kwanu ku Machinjiri chimanga chinapsa ndi dzuwa, koma mbatata yachita bwino, moti achimwene anatibweretsera thumba lathunthu.

Mbatatayo ndiyo yandilembetsa kalatayi. Esinati wakhala akukana phala milungu iwiri. Akangoona supuni amatseka pakamwa n'kutembenuka. Kusikelo anandiuza kuti sakukwera, ndipo ndinabwerako ndikulira mu minibasi. Ndiye Lachiwiri ndikudya mbatata yophika, mwanayu anatambasula dzanja n'kutsomphola kachidutswa m'mbale mwanga. Anakafinya, anadzipaka nako m'masaya, kenako anakaika m'kamwa. Atamaliza analirira kena.

M'malo mosangalala, mtima unandiwawa. Ndinakumbukira tsiku lija ndinakupezani mutakhazika Yamikani, mwana wanga woyamba, pamphasa, nthochi yakupsa ili m'manja, nkhope yonse ili mbuu. Ndinamulanda nthochiyo n'kukukalipirani pamaso pa aneba kuti mukufuna kunditsamwitsira mwana ndi zachimidzi zanuzo. Inu simunakweze mawu. Munangoti, "Dzanja la mwana limadziwa njira ya kukamwa." Mawa lake munamanga kachikwama kanu n'kubwerera ku Machinjiri. Ine ndi mwano wangawu ndinkati ndidzapepesa pa Khirisimasi. Khirisimasiyo inafika tili pamaliro anu.

Yamikaniyo ndinamulera ndi supuni, ndikumupana m'miyendo, iye akulira, ine ndikuthira. Lero ali ndi zaka zinayi, koma akamva mbale zikulira amakabisala kuseri kwa chitseko. Bambo ake amati ndi matama. Ine ndikudziwa kuti mantha amenewo ndinamuphunzitsa ndine.

Pepani, amayi. Mawu amenewa ndawachedwetsa zaka zitatu.

Mphasa yanu ija ndakaitenga ku Machinjiri. Mawa ndiwakhazikapo onse awiri, ndiwaikire mbatata yofewa ndi nthochi. Ndikulonjeza kuti ndikhala nawo pompo, maso ali pa iwo monga munkachitira inu, koma supuni sindiigwira. Yamikani akathawa sindimuthamangitsa. Ndimudikira.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Aginesi