Khola la Kamba wa a Masudi

Chiuta, Mecanhelas
19 Novembro 1987

Okondedwa achemwali anga a Mastura,

Asalamu alekumu. Ndikhulupirira kuti inu ndi ana muli bwino ku Nayuchi komwe munathawirako. Kalata yanu ndinailandira kwa a Nasoro, aja ogulitsa nsomba pa njinga, ndipo inonso abwera nayo ndi iwo omwewo. Ife kuno Mulungu akutisungabe, ngakhale ine mutu wanga watsala pang'ono kusweka chifukwa cha alamu anu a Masudi.

Zimene munamva n'zoona, anabwerera. Chichokereni tsiku lija anthu a mfuti anawagwira padoko pamodzi ndi amuna anu a Amisi kuti akawasenzere katundu kutchire, ine ndinali nditataya mtima. Ndiye mwezi wathawu ndinangoona atulukira, mapazi ali ming'alu yokhayokha, nthiti zili pamtunda. Ndinathamanga ndikulira kuti ndiwagwire, koma manja awo anali ndi mwini wake kale: anafungatira kamba. Kamba weniweni, achemwali, wamkulu ngati mbale ya ndiwo. Anati anamutola m'njira, ndipo mawu a tsikulo anathera pomwepo. Ndinawafunsa za alamu a Amisi, iwo n'kungoyang'ana pansi. Ashehe anabwera kudzawafunsa, chimodzimodzi.

M'mawa mwake anayamba kumanga khola la kambayo. Chisamukireni kuno pafupi ndi posto, paja pali maofesi a boma, denga la kuchipinda kwathu lidakali pululu, mitambo nayo yayamba kale kusonkhana. Nsungwi ndinali nditadula ndekha, kungodikira wondifolerera. Iwo anazitenga zonse, n'kuziduladula kuti zilekeze m'bondo, n'kuzizika kuseri kwa nyumba. Ndinati, “Bambo a Tabu, mvula ikagwa tonse tikalowa m'kholamo?” Iwo anangoti, “Ndidula zina.” Mpaka lero sanadule.

Anthu amati kamba ndi waulesi. Amanama! Dzuwa lisanapendeke anali atakumba pansi pa nsungwi n'kutuluka. Tinakamupeza m'dimba la a Kulusumu oyandikana nafe, atamweta mbewu ya mbatata imene mayiwo anaithirira chilimwe chonse ndi madzi osenza pamutu. Kukalipa kwawo mukanakumva muli ku Malawi komweko. Wokapepesa ndinali ine, mwini kamba akupukuta chigoba ndi m'mphepete mwa nsalu yanga ya kapulana.

Tsiku lotsatira ndinabwera kuchitsime kuti nditereke madzi, ndinapeza mafuwa palibe. A Masudi anali atawazula n'kukatsekera dzenje lija la kamba. Bashiya langa losambitsira mwana analikwirira m'khola kuti kamba azimweramo, kambayo n'kugweramo, pang'onong'ono amire. Kenaka chilombocho chinapeza nzeru ina, kukwera pangodya ngati buluzi, n'kugwera kunja chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba padzuwa lamoto. A Masudi atamuona anathamanga kukamutembenuza, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Madzulo ake anadula ukonde wathu, womwewo umodzi umene unatsala, n'kuphimba nawo pamwamba. Ine ndinalowa m'nyumba n'kukhala pansi, chifukwa zimene zinali pakamwa panga sizinali zonena kwa mwamuna.

Njala kuno mukuidziwa. Anthu othawa kuchokera ku Amaramba akungofikabe, ndipo kwa ena a iwo kamba ndi ndiwo. Bambo wina anabwera ndi lichero lodzaza chinangwa chouma kuti tisinthane. Ine maso anali palichero. A Masudi ananyamula kamba wawo n'kulowa naye m'nyumba osatsanzika n'komwe mlendoyo. Tsikulo tinadya masamba okhaokha, ife ndi kamba mofanana.

Choopsa chinachitika Lachisanu lapitali. Pochokera kumzikiti a Masudi anapeza khola lili mbee, kamba wakumbanso mbali ina. Anatsata mkwekwe wake pamchenga, ndipo unalowera kunjira yakale ya ku Amaramba, imene asilikali anatiletsa kupondamo chifukwa akuti munakwiriridwa mina, mabomba aja ophulika ukaponda. Ndinakuwa, ndinaitana dzina lawo lenileni anthu akumva, iwo osacheuka. Ndinaima pamutu pa njira manja ali kumutu, kudikira kumva phokoso. Patapita nthawi ndinaona akubwera pang'onopang'ono, kamba ali m'khwapa, akutafuna duwa.

Pamenepo ndiye ndinamasuka pakamwa. Ndinati, “Mulungu wakubwezani kwa ine kuti mudzafere kamba? Mwana wanu ndidzamuuza kuti chiyani? Patukani, ndimange ndekha kholalo!”

Ndinazula zonse. Ndinalemba pansi mozungulira ngati nkhokwe kuti pasakhale ngodya yokwerapo, n'kukumba ngalande yolekeza m'chigongono. M'ngalandemo ndinaimika zidutswa za malata zimene ndinatola pasitolo ija inapsa, kuti akakumba azigunda chitsulo. Nsungwi ndinazizika mothithikana, zopendekera m'kati, n'kumanga ndi luzi. Mbali ina ndinaika kachisakasa ka udzu kuti azibisala dzuwa, madzi ndinathira m'phale losaya. A Masudi poyamba ankangoyang'ana, kenaka anagwada n'kuyamba kundigwirira nsungwi ine ndikumanga.

Achemwali, khalani pansi. Ndazungulira mokwana, ndipo zimene munafunsa m'kalata yanu ndiyenera kuyankha.

Tili m'kati momanga, nkhope yawo ili pansungwi, anayamba kuyankhula okha. Anati, “A Amisi mwendo unatupa. Ndinawasenzera katundu wawo pamwamba pa wanga, komabe anafika poti sangayende. Anthu aja anawaombera pafupi ndi kamtsinje, ine n'kundikankha kuti ndizipita. Nditapeza mpata wothawa ndinadzera pomwepo. Ndinakumba ndi mtengo ndi manja, ndinawaika moyang'ana ku Maka, ndinawerenga pemphero la dua limene ndimalidziwa. Nditamaliza ndinalephera kudzuka. Kambayu anatuluka pachitsamba n'kuyamba kuyenda, ine n'kudzuka kumutsatira.”

Luzi linandigwa m'manja. Tinalira awiri pamenepo, kholalo tinadzamaliza dzuwa likulowa.

Alamu anatisiya, achemwali. Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera. Ndikanakonda kukuuzani pamaso, nditakugwirani dzanja, koma njira ya kumalire ku Entre Lagos masiku ano siyodalirika, ndipo sindinafune kuti mumve kwa anthu a pamsika. Ashehe akuti ife tichita sadaka kuno Lachinayi likubwerali ndi kochepa komwe tili nako, inunso muitane Asilamu anzathu kumeneko muchite yanu. Mwana wanu Juma ndi wamkulu tsopano, mumuuze nokha, ndipo mumuuze kuti bambo ake sanasiyidwe pamtunda.

Kamba sanatulukenso. A Masudi ayamba kudya bwino, dzulo anakhala pakhonde akusoka ukonde uja anadula, ngakhale zigamba zake ndi zochititsa manyazi. Denga likadali momwemo, ndipo akapanda kukwerapo sabata ino ndikwera ndekha, anthu aseke.

Munati tiwoloke tidzakhale nanu. Ndinawauza, koma akana. Akuti malo amene alamu anagona akuwadziwa ndi iwo okha, ndipo akapita kutali mitengo ya m'njira adzaiiwala. Akuti nkhondo ikadzatha adzakutengani inu ndi ana, mudzaone ndi maso anu pamene anaika mwala. Pa zimenezi sindinawatsutse.

Tabu akupereka moni kwa abale ake. A Kulusumu, ngakhale mbatata zawo sanaziiwale, alira nafe ndipo akuti pepani. Musamale thupi, muzidya ngakhale pakhosi pakane, ana akuyang'ana inu. Njira ikangozizira ndidzabwera ndekha wapansi kuti tidzalire limodzi.

Ndine mng'ono wanu wokukumbukani tsiku lililonse,

Nafisa