Nsanja Yanga Sindigwetsa

Okondedwa amalume Yadollah,

Ndikhulupirira muli bwino ku Shiraz ndi banja lonse. Kuno ku Isfahan tilipo, kungoti mkazi wanga Mahin chifuwa sichinamusiyebe.

Kwabwera mzungu wojambula, mlendo wa bwanamkubwa. Amakhala pabwalo lalikulu pafupi ndi ogulitsa mavwende, n'kumajambula mzikiti umene ndikukonza denga lake. Dzana ananditumizira womasulira kuti ndigwetse nsanja imene ndimakwerapo, ati ikubisa ming'alu. Kwawoko akuti amakonda zithunzi za mabwinja.

Ndinati, "Kawauzeni abwana anuwo kuti ife muno timapempheramo. Ngati akufuna bwinja, adikire tife kaye."

Womasulirayo anati, "Akulu, mutuwo wayamba kukulemerani?"

Dzulo kunyumba kunabwera asilikali awiri. Tiyi anamwa ndithu, koma maso ali pa manja angawa. Zinazo si zolemba.

Amalume, mvula ikalowa m'ming'alumo dengalo lapita, ndipo matailosi a padengapo anaika ndi bambo anu. Nsanja sindigwetsa. Ajambule ndi ine ndemwe ndili pamwamba pake.

Kachipinda kanu kakuseri kaja musapatse munthu. Zikandivuta kuno, mudzamusungemo Mahin, sadya zambiri.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Nosrat